Chombo cha ku Mars ndi foni ya Ahmed Mansoor

Usiku wina semesita yathayi magetsi atathima ku hositelo, tinatuluka anyamata anayi kukakhala pakhonde. Mayeso anali atatsala masiku atatu, koma kuwerenga ndi tochi ya pafoni kumatopetsa maso, ndiye tinangoyamba macheza. Mesho wanga, amene akuphunzira uinjiniya, anatulutsa foni yake n'kutionetsa kavidiyo ka ku Dubai: nyumba zosanja zogunda mitambo, sitima yoyenda popanda dalaivala, kenako achinyamata ovala mikanjo yoyera akuomba m'manja chombo chawo chitafika ku Mars.

"Aise," iye anatero, "anthu awa agogo awo ankaweta ngamila ndi kumira m'nyanja kusaka ngale. Lero ali ku Mars. Ife tili pakhonde pano kudikira magetsi. Chimene chikutipha ndi mavoti. Zaka zisanu zilizonse kuyambiranso. Tipatseni Sheikh mmodzi kwa zaka 20, muone."

Anzathu awiri aja anavomereza. Ine ndinakhala chete chifukwa ndinalibe yankho. Panalinso china chondimanga pakamwa: achemwali anga amagwira ntchito pa hotela ina ku Dubai komweko, ndipo gawo lalikulu la fizi yanga limachokera m'thukuta lawo. N'kovuta kunyoza dziko limene likukuphunzitsa. Koma ndimadziwanso kuti ndikafuna kumva mawu awo sindingawaimbire pa WhatsApp, chifukwa kuimba kotereku n'kotsekedwa kumeneko. Timangotumizirana mavoisi. Tsiku lina nditawafunsa mwanthabwala ngati mafumu a kumeneko amawasunga bwino, anayankha mwachidule kuti, "Achimwene, zimenezo tidzakamba ndikadzabwera."

Mawu amenewa ndi a mesho wanga aja anakhala akulimbana m'mutu mwanga. Dziko lotha kutumiza chombo ku Mars likuopanji pa foni ya mayi woyala mabedi? Tchuthi chonse ndachithera powerenga za United Arab Emirates, makamaka za amene amasankha zochita pa nkhani za sayansi ndi luso lamakono. Zimene ndikulembazi ndi yankho limene ndinalephera kupereka pakhonde paja.

Choyamba, Sheikh mmodzi amene mesho wanga akufunayo kumeneko kulibe. Kuli mafumu 7. Dzikoli ndi chitaganya cha maufumu a Abu Dhabi, Dubai, Sharjah, Ajman, Umm Al Quwain, Fujairah ndi Ras Al Khaimah. Asanu ndi umodzi anagwirizana pa 2 December 1971, ndipo Ras Al Khaimah inalowa mu February 1972. Tangoganizani, Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, dziko lawolo lisanabadwe n'komwe, ndipo yunivesite yawo yoyamba, ya ku Al Ain, inakhazikitsidwa mu 1976. Mafumu 7 aja amakhala pa bwalo lalikulu limene limasankha pulezidenti pakati pawo. Pa nkhani zikuluzikulu pamafunika mavoti asanu, koma pa asanuwo payenera kukhala Abu Dhabi ndi Dubai. Mmodzi mwa awiriwa akakana, nkhani yathera pomwepo. Kuyambira pa Sheikh Zayed, pulezidenti wakhala akuchokera ku banja la Al Nahyan la ku Abu Dhabi, ndipo pano ndi Mohamed bin Zayed, amene anatenga mpando mu May 2022. Nduna yaikulu ndi mfumu ya Dubai, Mohammed bin Rashid Al Maktoum.

Ngakhale pa awiriwa wamkulu amadziwika. Pafupifupi mafuta onse a dzikoli ali pansi pa nthaka ndi nyanja ya Abu Dhabi, imene inayamba kugulitsa mafuta kunja mu 1962. Dubai itamira m'ngongole mu 2009, Abu Dhabi ndi imene inaiwombola, ndipo nyumba yaitali kwambiri padziko lonse, imene inkamangidwa ndi dzina la Burj Dubai, inatsegulidwa mu January 2010 ikutchedwa Burj Khalifa, dzina la mfumu ya Abu Dhabi ya nthawiyo.

Nanga aphungu? Alipo 40, m'bwalo lotchedwa Federal National Council. Theka amasankhidwa ndi mafumu. Theka linalo amavoteredwa, koma ovotawo ndi okhawo amene mafumu awalemba m'kaundula. Pa chisankho choyamba mu 2006 ovota sanakwane 7,000, ngakhale kuti chiwerengerocho chakhala chikukwera kwambiri. Aphunguwa amatha kukambirana malamulo ndi kufunsa nduna mafunso, koma mawu omaliza si awo. Zipani zandale n'zoletsedwa.

M'dongosolo lotere, mfundo ya sayansi sibadwira m'komiti ya aphungu kapena m'manifesto ya chipani. Imabadwira pakamwa pa mfumu, ndipo ikatuluka imabwera ndi tsiku loti ithe komanso ndalama zake. Nkhani ya ku Mars ikuonetsa bwino zimenezi. Mu 2014 atsogoleri analengeza kuti chombo cha dzikolo chifike ku Mars dzikolo lisanakwanitse zaka 50 mu December 2021. Nthawi imeneyo luso limene anali nalo linali la masetilaiti ojambula dziko lapansi, amene anaphunzira kupanga ku South Korea; yoyamba, DubaiSat-1, inapita m'mlengalenga mu 2009. Chombo chija, chimene anachitcha Al Amal, kutanthauza chiyembekezo, chinanyamuka ku Tanegashima m'dziko la Japan mu July 2020, n'kuyamba kuzungulira Mars pa 9 February 2021, kutatsala tsiku limodzi kuti cha China chifike. Ntchito yonse inadya madola pafupifupi 200 miliyoni, zimene pa maulendo otere ndi zochepa.

Anthu onyoza amati chombocho chinapangidwa ku America. N'zoona kuti chinalumikizidwa ku yunivesite ya Colorado Boulder, ndipo mayunivesite a Arizona State ndi California Berkeley anathandiza pa zida zoyezera. Koma ine apa ndi pamene ndinawavulira chipewa. Ndi ndalama zawozo akanatha kungogula chombo chopangapanga n'kumatapo mbendera. M'malo mwake boma linaumirira kuti mainjiniya achinyamata a dzikolo agwire ntchitoyo ndi manja awo pamodzi ndi akatswiri a ku America, kuti luso libwerere kwawo m'mitu ya anthu. Mayi amene ankatsogolera mbali ya sayansi, Sarah Al Amiri, anasankhidwa kukhala nduna mu October 2017 ali ndi zaka 30. Mwezi womwewo Omar Al Olama, wa zaka 27, anakhala nduna yoona za AI, munthu woyamba padziko lonse kupatsidwa udindo wotere. Ife amene tikudziwa kuti tikamaliza digiri tidzauzidwa kuti tilibe luso la zaka zisanu, nkhani ngati imeneyi imatilasa pamtima. Ndipo chombocho sichinangopita kukaonetsa mbendera. Chatumiza zithunzi za kuwala kwa usiku m'mlengalenga mwa Mars, ndipo mu 2023 chinajambula pafupi kamwezi kakang'ono ka Deimos. Zimene chimapeza zimaperekedwa ulere kwa asayansi a dziko lililonse.

Mpaka apa mesho wanga akupambana. Cholinga chimodzi, tsiku lodziwika, ndalama zosasowa, ndipo palibe chisankho chobwera kudzasintha nduna pakati pa ulendo.

Chimene chinayamba kundisintha maganizo ndi nkhani ya magetsi, yomweyo imene inatitulutsa pakhonde. Mu December 2009 Abu Dhabi inapereka kwa makampani a ku South Korea, motsogoleredwa ndi KEPCO, ntchito ya madola pafupifupi 20 biliyoni yomanga malo opangira magetsi a nyukiliya ku Barakah. Ndi makina anayi, opanga mamegawati 5,600 onse pamodzi, ndipo lero amapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a magetsi a dzikolo. Koma onani zimene mafumuwo anachita asanakumbe maziko. Anasaina pangano ndi America lolonjeza kuti sadzayenga okha yureniyamu ngakhale pang'ono. Anakhazikitsa bungwe loyang'anira chitetezo cha nyukiliya, FANR, losiyana ndi kampani yomanga, ndipo mkulu wake woyamba anali William Travers, amene kale ankagwira ntchito yomweyo ku America. Anaitananso gulu la alangizi a mayiko osiyanasiyana lotsogoleredwa ndi Hans Blix, amene anakhalapo mkulu wa bungwe loona za nyukiliya padziko lonse. Makina oyamba ankayembekezeka kuyamba mu 2017, koma chilolezo chowayatsira chinatuluka mu February 2020, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti anthu odzawayendetsa anali asanakonzeke mokwanira. Dziko lokonda kukhala loyamba pa chilichonse linadikira zaka zitatu.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Ndiye kuti mafumuwa akudziwa bwino lomwe kufunika kwa munthu wotha kunena kuti ayi. Aliyense amene analowapo mu labu akudziwa kuti sayansi imayenda ndi mawu amenewa. Lipoti lako limabwerera lili psuu ndi inki yofiira, mnzako amabwereza zimene wayeza n'kupeza zosiyana, ndipo umayambiranso. Makina a nyukiliya sadziwa kuti wawalamula ndi mfumu, ukalakwitsa amaphulika. Choncho pamalo pamene cholakwika chingaphe anthu ndi kuchititsa manyazi dziko, iwo anagula anthu okana kuchokera kunja, n'kuwapatsa mphamvu zenizeni. Funso langa linasanduka lakuti: nanga pamene cholakwikacho chikukhudza mpando, ndani amaloledwa kukana?

Yankho lili m'mbiri ya injiniya wina dzina lake Ahmed Mansoor. Anaphunzira uinjiniya ku Colorado Boulder, yunivesite yomwe ija imene inathandiza kupanga chombo cha ku Mars. Mu March 2011, pamene mayiko a Aluya ankagwedezeka, nzika 133 za dzikolo zinasaina kalata yopempha kuti aphungu onse azisankhidwa ndi anthu ndiponso akhale ndi mphamvu zopanga malamulo. Mu April anthu asanu anamangidwa, kuphatikizapo Mansoor ndi Nasser bin Ghaith, katswiri wa zachuma amene ankaphunzitsa pa nthambi ya yunivesite ya Sorbonne ku Abu Dhabi. Khoti linawapeza olakwa pa mlandu wonyoza atsogoleri mu November, ndipo tsiku lotsatira pulezidenti anawakhululukira. Nkhani sinathere pomwepo. Mu August 2016 Mansoor analandira uthenga pafoni yake ya iPhone, wolonjeza zinsinsi za anthu ozunzidwa m'ndende ngati atatsegula linki. Pokhala injiniya, sanatsegule. Anautumiza kwa ofufuza a Citizen Lab ku yunivesite ya Toronto, amene anapeza kuti linkiyo ikanalowetsa m'fonimo pulogalamu yaukazitape ya Pegasus, yopangidwa ndi kampani ya ku Israel ya NSO, yotha kutsegula kamera ndi maikolofoni mwini wake osadziwa. Ofufuzawo ananena kuti zizindikiro zinkaloza ku boma la dziko lake. Apple inachita kutulutsa mwachangu chigamba chotseka mabowo atatu m'mafoni ake padziko lonse. Ngati munali ndi iPhone chaka chimenecho, munatetezedwa ndi kukayikira kwa munthu ameneyu. Mu March 2017 anamangidwanso, ndipo mu May 2018 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 10 chifukwa cha zimene analemba pa intaneti. Bin Ghaith nayenso analandira zaka 10 mu 2017, pa nkhani ya zimene analemba pa Twitter.

Wina anganene kuti izi ndi za ufulu wachibadwidwe, sizikukhudza kayendetsedwe ka sayansi. Ine ndikuona kuti ndi nkhani imodzi, chifukwa ndi manja omwewo amene agwira zonse. Tengani Sheikh Tahnoon bin Zayed, mchimwene wake wa pulezidenti. Ndi mlangizi wamkulu wa dziko pa zachitetezo. Ndi wapampando wa G42, kampani yaikulu ya AI ku Abu Dhabi. Ndi wapampando wa ADIA, thumba lalikulu losungira chuma cha mafuta. Ndipo khonsolo yoona za AI ndi luso lamakono imene Abu Dhabi inakhazikitsa mu January 2024, wapampando wake ndi iyeyo. Wopanga mfundo, wopereka ndalama, wochita bizinezi ndi woyang'anira akazitape akuvala nduwira imodzi. Tenganinso Sultan Al Jaber: nduna ya mafakitale ndi luso lamakono, mkulu wa kampani ya mafuta ya ADNOC, wapampando wa kampani ya magetsi a dzuwa ndi mphepo ya Masdar, komanso amene anatsogolera msonkhano wa zanyengo wa COP28 mu 2023. Liwiro limene timasirira lija limachokera apa. Kalata siyenda maofesi khumi, poti maofesi onse khumiwo ndi a munthu mmodzi. Koma chifukwa chomwecho, kampani yosonkhanitsa zithunzi za nkhope, mawu ndi zotsatira za magazi a anthu ikapyola malire, wokadandaula akagogoda pa chitseko cha ndani?

Nkhani ya mafoni imene ndinayamba nayo ikulowa pomwepa. Popeza kuimba pa WhatsApp n'kotsekedwa, mu 2019 anthu mamiliyoni anathamangira pulogalamu yaulere yotchedwa ToTok, imene inkagwira ntchito popanda vuto m'dzikomo. Mu December chaka chomwecho nyuzipepala ya New York Times inalemba, potengera akuluakulu a boma la America, kuti pulogalamuyo inali chida cha boma chomvetsera anthu. Eni ake anakana, koma Apple ndi Google anaichotsa m'masitolo awo. Chaka chomwechonso Reuters inaulula za gulu la akazitape akale a ku America amene ankalipidwa kuthyola mafoni ndi makompyuta a anthu otsutsa ndi atolankhani m'malo mwa dzikoli, ndipo mu 2021 atatu mwa iwo anavomera kulipira boma la America madola oposa 1.6 miliyoni kuti asazengedwe mlandu. Achemwali anga sadziwa mayina onsewa. Amangodziwa kuti pali zina zosakamba pafoni.

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhani ya AI, amene wakwanitsa kukaniza Abu Dhabi si nzika yake. Dzikoli lachita zazikulu pambali imeneyi. Mu 2019 linakhazikitsa yunivesite ya AI yokhayokha, ya Mohamed bin Zayed, imene imatenga ophunzira ochokera m'mayiko ambiri n'kuwalipirira zonse. Mu 2023 bungwe la kafukufuku la Technology Innovation Institute linatulutsa Falcon, pulogalamu ya mtundu wa ChatGPT imene aliyense angaitenge ulere, ndipo G42 ndi anzake anatulutsa Jais, yolankhula Chiarabu. Ine monga munthu wolemba m'Chichewa ndimachita nsanje ndi boma limene linaona kuti chilankhulo chake chisatsalire m'makina amenewa. Koma ntchito zoterezi zimafuna tizipangizo ta kampani ya Nvidia, timene sitituluka mu America popanda chilolezo cha boma la kumeneko. Ku Washington atayamba kudandaula za ubale wa G42 ndi China, kampaniyo inachotsa zida za Huawei ndi kugulitsa masheya ake m'makampani a ku China. Mu April 2024 Microsoft inaikamo madola 1.5 biliyoni, ndipo mkulu wake Brad Smith analowa mu bodi. Mphunzitsi wa zachuma wa kwawo komweko akafunsa funso amapita kundende. Ofesi ya ku Washington ikafunsa, mawaya amazulidwa m'makoma.

Palinso funso la amene akuchita sayansiyo. Pa anthu 10 alionse okhala m'dzikomo, pafupifupi 9 ndi obwera. Mapulofesa ambiri, madokotala ndi mainjiniya ali pa ziphaso zodalira ntchito, monga mmene alili achemwali anga. Boma layesa kukonza zimenezi: mu 2019 linayambitsa ziphaso za zaka 10 za akatswiri, ndipo mu 2021 linasintha lamulo kuti asayansi ena apatsidwe unzika, koma munthu sapempha yekha, amachita kusankhidwa ndi akuluakulu. Wofufuza amene kukhala kwake m'dziko kukudalira kukoma mtima kwa boma amadziwa yekha mafunso oti asafunse, palibe chifukwa chomuopsezera. Angathe kufufuza mlengalenga wa Mars mmene angafunire. Koma atafuna kufufuza kuti ogwira ntchito yomanga amadwala bwanji ndi kutentha, kapena kuti achinyamata amaganiza chiyani za ufumu, ayenera kukumbukira Matthew Hedges, wophunzira wa digiri ya udokotala wa ku yunivesite ya Durham, amene anamangidwa mu May 2018 akubwerera kwawo atachita kafukufuku pa nkhani zachitetezo. Anamuweruza kuti akhale m'ndende moyo wake wonse pa mlandu waukazitape, ndipo anamukhululukira patapita masiku ochepa dziko la Britain litakwiya. Iye anali ndi pasipoti yomulankhulira.

Ndisanamizire kuti kumeneko mfumu simva za munthu. Ali ndi mwambo wa majlis, bwalo limene mtsogoleri amakhala n'kumalandira anthu ndi madandaulo awo, zofanana ndi mmene a mfumu kwathu amakhalira pansi pa mtengo ndi nduna zawo. Nzika zambiri zimapeza maphunziro, chipatala ndi nyumba mothandizidwa ndi boma, ndipo sindikukayika kuti ambiri amakonda atsogoleri awo ndi mtima wonse. Kungoti pa bwalo lotere munthu amapita kukapempha. Ntchito ikalephereka, monga mzinda wa Masdar umene unalengezedwa kuti sudzatulutsa mpweya woipa ngakhale pang'ono koma cholingacho chinadzachepetsedwa, palibe chipani chotsutsa kapena nyuzipepala yolusa yoti ifunse kuti ndalama zinapita zingati ndipo analakwitsa ndani. Ndi chuma cha mafuta, cholakwika chimakwiriridwa ndi ntchito ina yatsopano yonyezimira kuposa yoyambayo.

Apa ndi pamene fanizo la mesho wanga limagwera. Iye akufuna Sheikh, koma chimene akusirira kwenikweni ndi Sheikh wokhala ndi chitsime cha mafuta ndi nzika zochepa zoti azidyetse. Mtsogoleri wosafunsidwa koma wopanda mafuta ife tinamuonapo kale. Makolo athu anakhala naye zaka 30, ndipo mphunzitsi wa pa Chancellor College, Jack Mapanje, anatengedwa mu 1987 kukatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu. Tinaonanso doko la Nsanje likutsegulidwa ndi chimkokomo mu October 2010, nkhani ndi dziko la Mozambique, kumene sitima zinayenera kudutsa, isanathe. Mpaka lero pa dokopo sipafika sitima za katundu. Panasowa munthu wouza bwana kuti dikirani kaye.

Ndipo chaka cha 2011 chija, pamene Mansoor ndi Bin Ghaith ankamangidwa, mphepo yomweyo ya mayiko a Aluya inafika ku Zomba. Mu February mkulu wa apolisi, Peter Mukhito, anaitanitsa Blessings Chinsinga kukamufunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi, poyerekeza mavuto a mafuta ndi ndalama zakunja a kuno ndi zimene zinautsa anthu ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi anakana kulowa m'kalasi. Anayi anachotsedwa ntchito, koleji inatsekedwa, nkhani inapita kumakhoti, ndipo ophunzira anataya miyezi yambiri. Sindikufuna kukometsera chaka chimenecho. Ndi chaka chimene anthu 20 anaphedwa pa zionetsero za mu July, ndipo wophunzira uinjiniya wa pa Polytechnic, Robert Chasowa, anapezeka atafa mu September. Koma mu October aphunzitsi anayi aja anabwezeretsedwa pa ntchito, boma litagonja. Miyezi imene inatayika ija ndi imene mesho wanga amaitcha kuchedwa. Ine ndikayang'ana kumene aphunzitsi awiri a chaka chimodzi anakathera, wina kubwerera m'kalasi, wina m'ndende, sindithanso kuitcha choncho.

Zoti titengere kumeneko zilipo, ndipo palibe ngakhale chimodzi chimene chimafuna ufumu. Kuika tsiku lenileni pa cholinga, osati chaka chakutali chimene onse olonjeza adzakhale atamwalira. Kulemba m'pangano lililonse ndi kampani yakunja kuti ana a m'dziko agwire nawo ntchito mpaka aidziwe, monga anachitira ndi masetilaiti a ku Korea mpaka anadzapanga okha KhalifaSat, imene inaulutsidwa mu 2018. Kukhulupirira munthu wa zaka 30. Kulola bungwe loyang'anira kuti likanize ngakhale ntchito ya bwana, monga ku Barakah. Dziko losankha atsogoleri likhoza kuchita zonsezi. South Korea yomweyo imene inawaphunzitsa masetilaiti ndi nyukiliya imavota, ndipo yatsekerapo m'ndende mapulezidenti ake akale. Kuti ife sitichita, chifukwa chake tichifune kwina, osati pa chala chodetsedwa ndi inki.

Titatsegulira semesita ino ndinamufotokozera mesho wanga zonsezi, usiku wina magetsi alipo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Zamveka aise, koma ufulu wofunsa mafunso sulipira lendi." Sindinamutsutse, chifukwa nanenso ndikudziwa kumene fizi yanga imachokera. Sabata yathayi wandipatsa kalata yake yofunsira malo ku yunivesite ya AI ya ku Abu Dhabi ija kuti ndimukonzere Chingerezi. Ndi kalata yabwino. Akufuna kupanga pulogalamu yozindikira matenda a chinangwa pa chithunzi cha tsamba, ndipo kuno alibe kompyuta yoti ingasenze ntchito imeneyo. Ndamukonzera ndime zonse, ndipo ndikufunitsitsa atamutenga. Pa ndime imene analemba kuti amakonda kutsutsa akuluakulu akalakwitsa, ndinaika cholembera n'kuchichotsanso kawiri konse, kenako ndinamulembera m'mphepete kuti asankhe yekha.

Achemwali akuti abwera mu December. Mafunso anga ndawalemba m'kope, osati pafoni.